Kompyuta ikakumana na cacilendo, isakhale cete

Pa wailesi ya m'komboni imene nimathandizako, pulogilamu imene anthu amamvetsela kuposa ina iliyonse ni ya zilengezo. Malilo, mwana wosowa, NRC imene yatoledwa pa sitesheni ya mabasi, msonkhano wa makolo pa sukulu, tsiku la katemela pa kiliniki. Zambili zimafika pa WhatsApp, zina munthu amabwela nazo yekha pa geti atalemba pa pepala long'amba m'kope la mwana. Koma tili nayonso adilesi ya imelo, cifukwa masukulu, machalichi na mabungwe amakonda kulemba kumeneko.

Kale tinali kutsegula maimelo pa foni ya aliyense amene ali pa shifiti, ndipo zinali kusokoneza. Ndiye mnyamata wina wa ku Mtendere, amene panthawiyo anali kuphunzila za makompyuta pa koleji, anatilembela kapulogilamu kotola maimelo onse na kuwaonetsa pa kompyuta ya mu situdiyo. Mau anali kubwela m'zilembo zikuluzikulu zakuti uwelenge uli pa maikolofoni, zithunzi m'munsi mwake, ndipo ngati pali mau ojambulidwa, kabatani kakuti udinize. Sanatilipilitse ngakhale ngwee imodzi. Nayamba na zimenezi cifukwa nkhani imene ikubwelayi si yomunyoza.

Mu 2024, caka cimene madzi anatsika ku Kariba ndipo malaiti anali kubwela pakati pa usiku anthu atagona, situdiyo yathu inali kuyendela sola. Koma foni ya wailesi, imene wa shifiti ya m'mawa anali kupita nayo kunyumba, masiku ena inali kucezela yozima. Tsiku lina pa Citatu madzulo, ine nili pa shifiti, pa kompyuta panaonekela imelo yocokela kwa munthu amene sininali kumudziwa. Pa mutu panali liu limodzi cabe: cilengezo. M'munsi munalibe kanthu. Ninaganiza kuti munthu wadiniza kutumiza asanalembe, zimene zimacitika kawilikawili. Ninapitilila, n'kuwelenga za malilo a ku Chawama.

Pa Cisanu mtsikana wina wa ku George anafika pa geti. "Ba ankolo, ndimwe mumawelenga zilengezo? Nanga ca agogo anga munacisiyila ciani?"

Agogo ake aamuna, amene mutu unayamba kuwasokonekela cifukwa ca ukalamba, anacoka panyumba m'mawa pa Citatu osabwelako. Agogo aakazi sadziwa kulemba, conco anakamba pa foni ya mdzukuluyo: malaya amene mdala anavala, cipsela ca pa mwendo, dzina limene amavomela akaitanidwa, na mudzi wa ku Petauke umene amakonda kukamba kuti akupitako. Mtsikanayo anayesa WhatsApp ya wailesi, uthenga sunapite. Anatenga mau omwewo n'kuwatumiza pa imelo. Mdala anagona panja masiku awili, mpaka azimai ogulitsa pa msika wina ku Matero anamupatsa tiyi n'kumupeleka ku polisi.

Sininganame kuti cilengezo cathu cikanamupeza msanga. Mwina azimai aja samvetsela n'komwe wailesi yathu. Koma banja linacita mbali yake, ndipo linakhala pafupi na wailesi madzulo awili kuyembekezela kumva dzina la mdala wawo.

Mtsikanayo ali cilili pamenepo, ninasiya kapulogilamu kathu n'kutsegula bokosi lenileni la imelo. Faelo inalimo, dzina lake lothela na .opus, mtundu umene WhatsApp imasungilamo mau. Ninadiniza, ndipo mu situdiyo munamveka mai wokalamba akukamba Cinsenga pang'onopang'ono, kuyamba na kupeleka ulemu kwa ife a pa wailesi. Uthenga unafika bwinobwino pa Citatu pomwepo. Kapulogilamu kathu kanauona, sikanaudziwe, ndipo kanangokhala cete.

Maganizo anga pa nkhaniyi ni awa. Pulogilamu iliyonse yowelenga maimelo tsiku lina idzakumana na cinthu cimene siicidziwa, ndipo zimenezo si mlandu. Mlandu ni kucitaya osauza munthu aliyense. Nikulembela maka-maka imwe anyamata na atsikana amene mukuphunzila kulemba mapulogilamu, kaya pa UNZA, pa Evelyn Hone, pa BongoHive kapena pa YouTube na mabando a usiku, cifukwa ndimwe amene mawa mudzalembela makiliniki, masukulu na makampani tumapulogilamu tolandila makalata a anthu.

Kuti timvane, lekani nifotokoze mmene imelo imanyamulila katundu. Aliyense amene anatumizapo thumba pa basi ya ku Chipata kapena ku Lundazi pa Intercity adziwa mmene zimakhalila. Thumba limasokedwa, pamwamba amalembapo dzina na nambala ya foni, ndipo nthawi zina amaonjezelapo liu lakuti nsomba kapena mbale, kuti kondakita adziwe poliika. Imelo nayo ni thumba. M'kati mwake mungakhale tumatumba tingapo: kena ka mau amene munalemba, kena ka cithunzi, kena ka CV. Kathumba kalikonse kali na cizindikilo cochedwa Content-Type, cimene cili na mau awili olekanitsidwa na kamzela. Loyamba limachula banja, laciwili mtundu weniweni. Mau wamba ni text/plain. Cithunzi ca pa foni nthawi zambili ni image/jpeg. Nyimbo ya MP3 ni audio/mpeg. PDF ni application/pdf. Thumba lalikulu lonyamula tumatumba tosiyanasiyana ni multipart/mixed. Imwe simumaziona zimenezi, koma pulogilamu yolandila imayamba kuwelenga pamenepo kuti idziwe cocita.

Poyamba imelo siinali kunyamula zonsezi. Malamulo ake a mu 1982, ochedwa RFC 822, anali kudziwa zilembo za Cingelezi, manambala na zizindikilo zocepa, basi. Mu 1992 amuna awili a ku America, Nathaniel Borenstein na Ned Freed, anatulutsa njila yochedwa MIME yakuti imelo izinyamula ciliconse. Mu March caka comweco Borenstein anatumizila anzake cithunzi na nyimbo ya kagulu kake koimba, poonetsa kuti zitheka. Pamene ZAMNET, imene inabadwila pa UNZA, inalumikiza Zambia ku intaneti mu 1994, MIME inali na zaka ziwili cabe. Malamulowo anawalembanso mu November 1996 m'zikalata zisanu, RFC 2045 mpaka RFC 2049, ndipo ni amene foni yanu ikutsatila lelo mukatumiza kalata yofunsila nchito.

Bungwe lochedwa IANA limasunga kaundula wa mitundu ya zizindikilozi. Ilimo yoposa 1,000, ina imaonjezeledwa caka ciliconse, ndipo makampani ena amapanga yao osailembetsa n'komwe. Palibe pulogilamu imene ingadziwe yonse. Borenstein na Freed anadziwilatu zimenezi mu nthawi imene kunalibe WhatsApp, kunalibe foni ya kamela, ndipo analemba cocita ukakumana na mlendo. Ngati banja ni text koma mtundu wake suudziwa, uonetse ngati mau wamba, malinga ngati zilembo zake uzidziwa. Ngati ni multipart yacilendo, uimasule ngati multipart/mixed n'kuona kathumba kalikonse pakokha. Cina ciliconse cimene sucidziwa ucitenge ngati application/octet-stream, kutanthauza mndandanda wa manambala a kompyuta amene sudziwa tanthauzo lake, ndipo umupatse munthu mwai wousunga mu faelo. Anacenjezanso kuti usalole imelo kuuza kompyuta pulogilamu yoti iyambitse. Pa njila zonse zimene anachula, kutaya mwakacetecete palibepo.

Manje onani zimene kapulogilamu kathu kanali kucita. Ninakhala pansi na mnyamata uja, ananionetsa mizela yake. Ngati ni text, onetsa. Ngati ni jpeg kapena png, onetsa cithunzi. Ngati ni PDF, ika ulalo. Ngati ni MP3, ika kabatani. Pothela pake panalibe mzela wokamba cocita ngati si cimodzi mwa izi. Iye pokayesa kapulogilamuko anadzitumizila maimelo kucokela pa laputopu yake, na mafaelo amene iye amagwilitsila nchito, ndipo zonse zinayenda. Agogo a ku George sanali m'mutu mwake, ndipo kunena zoona, sanali m'mutu mwanganso pamene ninali kuombela m'manja tsiku limene anatipatsa.

Ananiuzanso kuti pali njila ina yocitila colakwa comweci, imene ophunzila Python ambili amaikonda. Laibulale ya Python yowelengela maimelo, ukaipempha za m'kati mwa kathumba kamene ilibe njila yokasamalila, imakuwa kuti KeyError ndipo pulogilamu imaima. Wophunzila akaona pulogilamu yake ikuima, amaikulunga m'mau akuti try na except, pansi pake n'kulemba pass, kutanthauza kuti cikavuta pitilila ngati palibe cacitika. Pulogilamu imaleka kugwa, aphunzitsi amacongela, ndipo kuyambila tsiku limenelo makalata a anthu amalowa m'dzenje lopanda wolondela. Kwa ine pulogilamu imene imagwa n'kukuwa ili bwino kuposa imeneyo, cifukwa ikagwa wina amabwela kudzaona.

Pali amene angakambe kuti kutaya ndiye citetezo, ndipo mau ao ali na maziko. Mafaelo a pa imelo anavulazapo anthu. Mu May 2000 vailasi yochedwa ILOVEYOU inacokela ku Philippines n'kufalikila pa makompyuta mamiliyoni m'masiku ocepa. Inali kubwela ngati kalata ya cikondi, dzina lake lothela na .TXT.vbs, ndipo popeza Windows inali kubisa kacidutswa kothela, anthu anali kuona ngati ni mau wamba pamene inali pulogilamu. Mu September 2001 kunabwela ina yochedwa Nimda, imene inanama pa cizindikilo ceniceni. Faelo yake inali readme.exe, pulogilamu yoyamba kugwila nchito ikatsegulidwa, koma Content-Type yake inali kukamba kuti audio/x-wav, ngati kuti ni mau cabe. Makompyuta amene sanakonzedwe anali kukhulupilila cizindikiloco n'kuiyambitsa okha, munthu asanadinize ciliconse. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele. Cizindikilo amalemba ni wotumiza, ndipo wotumiza angalembe bodza.

Conco nivomela kuti pulogilamu siyenela kutsegula cinthu cimene siicidziwa, ndipo siyenela kukhulupilila cizindikilo mwacimbulimbuli. Koma kukana kutsegula na kutaya ni zinthu ziwili zosiyana. Tibwelele pa Intercity. Kondakita akapeza thumba limene zolemba zake zafufutika na mvula, kapena limene likununkha mosiyana na zimene zalembedwa, sayamba kulimasula pakati pa anthu. Koma salitayanso mu Luangwa basi ikamaoloka mlatho. Amaliika mu ofesi, n'kuuza wa pa kaunta kuti pali thumba limene sitikulidziwa, mwini wake akabwela mumuonetse. Kompyuta ingacite cimodzimodzi popanda ngozi iliyonse: kusunga faelo pamalo pamene singayambe kugwila nchito, na kulemba pa sikilini kuti uthengawu uli na faelo ya dzina lakuti, ya kukula kwakuti, imene sinikwanitsa kuionetsa. Mzela umodzi umenewo ukanakhalapo pa Citatu paja, nikanatenga foni yanga n'kutsegula bokosi lenileni.

Ndipo ngati wasankha kuikana faelo, ukane poyela. Gmail imakana mafaelo othela na .exe, ndipo kuyambila mu 2017 imakananso a .js. Koma imakuuza wotumizawe kuti faelo iyi siloledwa. Ungakwiye, koma wadziwa, ndipo ungapeze njila ina. Mtsikana wa ku George analibe mwai umenewo. Foni yake inamuonetsa kuti uthenga wapita, ndipo unapitadi.

Pali kanthu kena kamene mnyamata uja ananiphunzitsa, kamene nifuna aliyense wolemba mapulogilamu akadziwe. Mafaelo ambili amadzichula okha pa zilembo zao zoyambilila, kaya cizindikilo cakunja cikambe ciani. PDF imayamba na %PDF. Mau a mtundu wa WhatsApp amayamba na OggS. Mau ojambulidwa pa mafoni akale a mabatani, amene amathela na .amr, amayamba na #!AMR. Pulogilamu ya Windows imayamba na MZ. Conco kusuzumila pa zilembo zinai kapena zisanu zoyambilila kumathandiza mbali zonse ziwili. Faelo imene foni yochipa yailemba kuti application/octet-stream cifukwa nayonso siinadziwe coilemba, ungaizindikile kuti ni mau a munthu. Faelo imene ikudzicha nyimbo koma ikuyamba na MZ, ungaigwile pa geti. Kusuzumila kumeneku sikupeza zonse, koma kuposa kudalila mau a wotumiza okha.

Manje tikambe za amene amalipila pamene mapulogilamu akhala cete. Munthu wa mu ofesi ku Longacres ali na laputopu, sikana, na mnzake wa pa desiki yapafupi womuuza kuti sandutsa faeloyo ikhale PDF. Iye nthawi zambili amatumiza mitundu imene wolemba pulogilamu anaiganizila, cifukwa onse awili amagwilitsila nchito zipangizo zofanana. Wa ku Kanyama amatumiza cimene foni yake yatulutsa. Mwina ni foni ya mabatani, mwina ni ya salaula yocokela kunja, mwina ni ya mnzake imene wabweleka mphindi zisanu. Satifiketi amaijambula pa bedi, CV anamulembela wa pa kafe ya intaneti pa pulogilamu yaulele imene imasunga mafaelo othela na .odt. Amagula bando ya tsiku limodzi, ndipo faelo ikamapita pa imelo imafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, cifukwa njila yochedwa base64 imasandutsa tuzidutswa tutatu tulitonse kukhala zilembo zinai. Walipila kuti katundu wake afike. Ngati kumene akupita kuli kapulogilamu konga kathu, kalata yake idzaoneka yopanda kanthu, ndipo wolemba anthu nchito adzaganiza kuti mnyamatayu ni wosasamala, anaiwala kuika CV. Sadzamuitana, ndipo mnyamatayo adzauza anzake pa kantemba kuti nchito za masiku ano n'za acibale. Nthawi zina amakhala akukamba zoona. Nthawi zina ni mzela umodzi umene wina sanalembe.

Musaganize kuti vutoli n'la mafoni ochipa okha. Kuyambila mu 2017 mafoni a iPhone amasunga zithunzi mu mtundu wochedwa HEIC m'malo mwa JPEG. Mu May 2020, nthawi ya korona, ana a sukulu ku America analemba mayeso ochedwa AP ali kunyumba. Anali kulemba mayankho pa pepala, kujambula, n'kutumiza pa webusaiti ya bungwe la College Board. Webusaitiyo siinali kulandila HEIC, ndipo kwa ena inangozungulila mpaka nthawi inatha. Ambili anauzidwa kuti alembenso mayeso. Imeneyo siinali imelo, koma nthenda ni imodzimodzi. Palinso faelo yochuka yochedwa winmail.dat, imene Outlook ya Microsoft nthawi zina imatumiza na cizindikilo ca application/ms-tnef. Mapulogilamu ena a imelo saidziwa, ndipo zikalata zenizeni zimakhala zitatsekeledwa m'kati mwake. Amene amaonetsa kuti pali winmail.dat amakupatsako poyambila, cifukwa ungafunse wotumiza kapena kupeza cotsegulila. Amene amaibisa amakusiya ukukangana na mnzako kuti sunatumize, iye akulumbila kuti natumiza.

(Kanthu kena kofanana nako: ngati munaonapo dzina la Malaŵi litasanduka MalaÅµi mu imelo, ni pulogilamu imene siinawelenge cizindikilo cokamba mtundu wa zilembo, inangolota. Kacilembo ka w wa cipewa kamavutika maningi pa makompyuta, n'cifukwa cake ambili a ife tinangokasiya.)

Mnzanga wina pa wailesi, amene amayang'anila ndalama ndipo amaona zinthu mosiyana na ine, anati yankho ni kuphunzitsa anthu. Tilengeze kuti wotumiza pa imelo azilemba mau, zithunzi zikhale JPEG, zikalata zikhale PDF, basi. Mbali ina nivomeleza, ndipo kwa imwe amene mukufunsila nchito nikuuzani monga mkulu wanu: tumizani PDF ngati mungakwanitse, faelo muipatse dzina lanu, ndipo m'kati mwa imelo lembani kuti naikamo CV na masatifiketi awili, kuti wolandila akaona palibe adziwe kuti cina casowa. Dziko lili mmene lilili, dzitetezeni. Koma monga lamulo la wailesi kapena la ofesi iliyonse yotumikila anthu, maganizo a mnzangayo niwakana. Agogo aja sakanalemba mau, ndiye cifukwa cake anakamba. Mdzukulu wao sanasankhe .opus, ndipo sanali kudziwa kuti dzina limenelo liliko. Kuuza anthu a m'makomboni onse a Lusaka kuti aphunzile maina a mitundu ya mafaelo, pofuna kuti wolemba pulogilamu mmodzi asalembe mizela isanu, ni kusenzetsa katundu munthu wolakwika. Jon Postel, mmodzi wa amene anaumba malamulo a intaneti, anali kulangiza kuti pulogilamu izisamala kwambili pa zimene ikutumiza koma izikhala yomasuka pa zimene ikulandila. Akatswili ena masiku ano amatsutsana naye, amati kumasuka kwambili kumalowetsa mbala. Ine nili pakati: landila, sunga, uza munthu, koma usatsegule wekha.

Nifunanso kukamba za ife amene sitilemba mapulogilamu koma timawalandila. Pamene mnyamata uja anatipatsa kapulogilamu, tinamufunsa ngati kangaonetse zilembo zikuluzikulu, ngati kangasinthe mtundu wa sikilini, ngati kangaike cizindikilo ca wailesi pamwamba. Palibe amene anafunsa kuti, nanga kakalandila cimene sikadziwa kamacita ciani? Funso limeneli silifuna digili. Mahedi a masukulu, masisita a pa kiliniki, alembi a machalichi, aliyense amene wina akumuikila pulogilamu yolandila makalata kapena mafomu angalifunse, ndipo angapemphe kuti amuonetse. Tengani foni ya mlonda wa pa geti, jambulani mau, tumizani, muone cimene cidzaoneka. Ife tikanacita zimenezo tsiku loyamba, tikanagwila vutoli m'mphindi khumi. Ndipo ine amene ninaona imelo ya mutu wakuti cilengezo ili yopanda kanthu, ninali na adilesi ya wotumiza pamaso panga. Nikanayankha kuti tumizaninso, sitinaone ciliconse. Sininayankhe, cifukwa ninakhulupilila sikilini kuposa munthu.

Mnyamata uja anakonza kapulogilamu pa Ciwelu cotsatila. Sizinamutengele ola lathunthu. Manje kathumba kalikonse kamene kafika kamalembedwa pa sikilini, kodziwika kapena kosadziwika. Kosadziwika kamabwela na mzela wofiila wochula dzina la faelo, cizindikilo cake na kukula kwake, ndipo kamasungidwa mu foda imene palibe cimene cingayambe kugwila nchito. Mau a .opus na a .amr anawaphunzitsa kuwaliza. Anaonjezelanso kuti kapulogilamu kaziwelenga tumatumba tumene talowa na tumene taonetsedwa, ndipo manambala awiliwo akasiyana kazikuwa.

Siningakambe kuti zonse zinakhala bwino. Mlungu woyamba sikilini inadzala na mizela yofiila, ndipo anzanga a pa shifiti ya m'mawa anadandaula. Zinapezeka kuti maimelo a mabungwe amanyamula tinthu tambili tumene sitinali kutuona: smime.p7s, imene ni siginecha ya pa kompyuta yotsimikizila wotumiza, mafaelo a .ics oitanila ku misonkhano, a .vcf onyamula nambala ya foni ya munthu. Zambili mwa izi zilibe nchito kwa woulutsa mau. Cenjezo likamalila pa ciliconse, anthu amaleka kulimva, ndipo tikanabwelela pomwe tinacoka. Tinagwilizana kuti mitundu imene taiona n'kuidziwa kuti ni yosafunika izilembedwa m'tuzilembo tung'ono totuwa, ndipo cofiila citsalile cimene palibe aliyense wa ife anacionapo. Mndandanda wa zotuwa timauonjezela tokha, munthu atayang'ana faeloyo na maso ake. Diski nayo ikudzala msanga kuposa kale, ndipo mnzanga wa ndalama amanikumbutsa zimenezi mwezi uliwonse.

Cimene cinanipweteka kwambili cinabwela pambuyo pake. Tinabwelela m'bokosi la imelo kuyambila tsiku limene kapulogilamu kanayamba nchito, kufunafuna mauthenga amene anaoneka opanda kanthu. Analimo, ndipo sanali ocepa. Ambili anali malonda na zinyalala. Koma munalinso cilengezo ca malo ophunzitsa ukalipentala kwaulele ku Kalingalinga, cimene cinabwela ngati .odt ndipo tsiku lake lothela kulembetsa linapita kalekale. Munali mau a bambo wina olengeza malilo a mkazi wake. Munali cithunzi ca HEIC ca NRC imene munthu anatola mu minibasi. Onsewa tinawalembela kupepesa. Anayankha ni mmodzi cabe, wa NRC uja, ndipo anati mwini wake anaipeza kudzela pa Facebook.

Pakali pano tikukangana za cinthu cimodzi cimene catsala. Ine nifuna kuti kapulogilamu kakalandila faelo yosadziwika kaziyankha wotumiza nthawi yomweyo, m'Cinyanja na m'Cingelezi, kuti uthenga wanu wafika koma faelo sitinakwanitse kuitsegula, imbani pa nambala iyi. Mnyamata wa ku Mtendere akukana. Akuti kuyankha kwa makina kumauza otumiza zinyalala kuti adilesi yathu ili moyo, ndipo kungayambitse makompyuta awili kuyankhana okhaokha usiku wonse mpaka bando itatha. Akufuna kuti woyankha akhale munthu wa pa shifiti. Ine nimudziwa munthu wa pa shifiti, cifukwa pa Citatu paja ninali ine. Tidzakumananso pa Ciwelu kuti tione ngati kayankho ka makina kangapite kamodzi cabe pa adilesi iliyonse, ndipo mtsikana wa ku George, amene manje amabwela kudzatithandiza kusanja zilengezo, wati adzabwela na foni ya agogo ake ya mabatani kuti tiyesele pamenepo.